Munthu wotchuka akalankhula zonyoza, chilango chake chilekezere pati?

Nachisale

Ndikupereka moni kwa nonse. Nkhani imene ndabwera nayo yandisowetsa tulo kwa masabata angapo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiitule pano kuti mundithandize nzeru. Ndili m'komiti yosungitsa mwambo ya bungwe lina limene sindilitchula dzina, ndipo mlandu umene tinaulandira posachedwapa unali wa mneneri wa bungwelo, bambo amene wakhala akutiyankhulira pa wailesi ndi m'nyuzipepala kwa zaka zambiri. Bamboyo analemba pa tsamba lake la Facebook chiganizo chimodzi chonyoza anthu a chipembedzo china, ndipo ngakhale anachifufuta ola lisanathe, wina anali atachijambula kale pa foni n'kuchimwaza.

Pa tsiku la mlandu, patebulo panali pepala limodzi lokha, chithunzi cha mawu akewo. Iye atakhala pansi analitembenuza pepalalo kuti zolembazo ziyang'ane pansi, ndipo nthawi yonse imene timamufunsa mafunso chikhatho chake chinali pamwamba pa pepalalo ngati akuopa kuti liuluka. Sanakane kuti analemba ndi iye. Tinagamula kuti atule pansi udindo wa mneneri koma apitirize ntchito ina ya mu ofesi, ndipo ine ndinavomereza nawo chigamulocho.

Chimene chandizunguza mutu ndi chakuti palibe amene wakhutira. Ena akunena kuti tamusisita, amayenera kuchotsedweratu ntchito, ndipo afika poimbira foni mkazi wake. Ena akunena kuti tapondereza ufulu wake wolankhula, ndipo akutifunsa kuti kulolerana kumene timalalikira kuli kuti ngati sitingathe kupirira chiganizo chimodzi. Funso langa ndi ili: kodi kulolerana kumatikakamiza kulekerera mawu onyoza, ndipo ngati sikutero, chilango cha munthu wodziwika chiyenera kulekezera pati?

Wamalamulo

Mayi Nachisale, zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndiyambe ndi aja akunena kuti mwapondereza ufulu wake, chifukwa pamenepo pali chisokonezo chimene ndimakumana nacho kawirikawiri. Ufulu wolankhula, monga mmene malamulo a mayiko ambiri amaulembera, cholinga chake chachikulu ndi kumanga manja boma, kuti lisatsekere munthu m'ndende kapena kumutseka pakamwa chifukwa cha maganizo ake. Ufuluwu sulonjeza munthu aliyense kuti akhalabe mneneri wa bungwe pamene anthu amene amayenera kuwayankhulira asiya kumukhulupirira.

Ngakhale kumbali ya boma komweko, ufuluwu uli ndi malire, kungoti mayiko amaika malirewo pamalo posiyana. Pangano la United Nations la mu 1966 lokhudza ufulu wa anthu monga nzika ndi pa ndale limateteza kulankhula mu ndime 19, koma ndime yomweyo imalola malamulo oteteza mbiri ya anthu ena ndi bata la dziko, ndipo ndime 20 imalamula mayiko kuletsa kulimbikitsa chidani cha mtundu, fuko kapena chipembedzo pamene chidanicho chikumemeza anthu kuti asale anzawo kapena kuwachita chiwawa. Dziko la United States linaika malire ake kutali kwambiri: mu 1969, pa mlandu wa Brandenburg, yemwe anali mtsogoleri wa gulu la tsankho la Ku Klux Klan ku Ohio, khoti lalikulu linati boma lingalange mawu pokhapokha ngati akumemeza anthu kuswa lamulo nthawi yomweyo ndipo zikuoneka kuti anthuwo achitadi zimenezo. Ku Germany zinthu n'zosiyana, pakuti kukana pagulu kuti chipani cha Nazi chinapha Ayuda mamiliyoni ndi mlandu umene munthu angapite nawo kundende.

Khoti loona za ufulu wa anthu ku Ulaya linanena mu 1976, pa mlandu wa Handyside, kuti ufulu wolankhula umateteza ngakhale maganizo okhumudwitsa, odzidzimutsa ndi osautsa. Anthu amakonda kutchula mfundo imeneyi, koma amaiwala kuti Handyside mwini wakeyo mlanduwo sanapambane. Mwachidule, komiti yanu si boma, ndipo simunamange munthu.

Mphunzitsi Wopuma

A Wamalamulo, mwafotokoza bwino, koma ndikuona ngati mwaimasula nkhaniyi mofulumira kwambiri. Kunena kuti ufulu wolankhula umakhudza boma lokha ndi zoona m'khoti, koma moyo wa munthu suthera m'khoti. John Stuart Mill, amene mu 1859 analemba mozama poteteza ufulu wa maganizo, ankaopa chitsenderezo cha anthu wamba kuposa chitsenderezo cha boma, chifukwa boma lili ndi khomo limene ungagogode n'kukadandaula, pamene khamu la anthu likakutembenukira palibe kumene ungachite apilo. Amene akuimbira foni mkazi wa bamboyo sanatumidwe ndi boma, komabe banjalo likulangidwa, ndipo mayiyo sanalembe kanthu.

Mill yemweyo anapereka chitsanzo chimene ndinkakonda kuwauza ophunzira anga. Iye anati munthu akalemba m'nyuzipepala kuti ogulitsa tirigu ndi amene akupha amphawi ndi njala, asiyidwe, chifukwa amenewo ndi maganizo. Koma akanena mawu omwewo pamaso pa khamu lokwiya limene lasonkhana pakhomo pa wogulitsa tirigu, ayenera kulangidwa. Mawu ndi amodzimodzi, chasintha ndi malo ndi anthu omvera. Vuto la masiku ano n'lakuti pa intaneti nyuzipepala ndi khomo la wogulitsa tirigu zasanduka malo amodzi. Ukulemba uli wekha m'chipinda, ukuganiza kuti ukucheza ndi anzako ochepa, osadziwa kuti khamu laima kale pazenera.

Sindikuikira kumbuyo zimene analemba bamboyo. Ndikungokana kuti tizinena kuti poti si boma, ndiye kuti chilango chilichonse n'chololeka.

Angozo

Bambo Mphunzitsi, ndikulemekeza mawu anu, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu amene wavomera kuima patsogolo pa anthu, n'kumalandira ulemu ndi malipiro chifukwa cha dzina lake, wavomeranso kuti mawu ake azilemera kuposa a ife tonse. Ine ndimatsatira kwambiri zamasewero, ndiye ndipereke zitsanzo za kumeneko.

Mu April 2014 kunatuluka mawu ojambulidwa a Donald Sterling, mwini wa timu ya basketball ya Los Angeles Clippers, akuuza chibwenzi chake kuti asamabwere ndi anthu akuda ku masewero a timuyo, chikhalirecho osewera ambiri amene ankamupangira ndalama anali akuda. Bungwe la NBA, loyendetsa basketball ku America, linamuletsa kwa moyo wake wonse, linamulipiritsa chindapusa cha madola 2.5 miliyoni, ndipo timuyo inagulitsidwa kwa Steve Ballmer pa madola 2 biliyoni. Sterling anaigula timuyi mu 1981 ndi madola 12.5 miliyoni okha. Ndiye pamene anthu akulira kuti otchuka akuzunzidwa, ine ndimafunsa kuti chilango chotani chimene munthu amatuluka nacho ndi chuma chochuluka chonchi. Osewerawo anayenera kuvala malaya a timu ya munthu amene amanyansidwa ndi khungu lawo. Kodi iwo amayenera kulolera mpaka liti?

Komabe kuti ndisaoneke ngati ndikuona mbali imodzi, pali mlandu wina umene mpaka lero sundikhala bwino. Kumapeto kwa 2020, Edinson Cavani, ali ku Manchester United, anayankha mnzake amene anamuyamikira pa Instagram ndi mawu a Chisipanishi amene kwawo ku Uruguay amanenedwa mwachikondi, koma kwa owerenga Chingerezi amamveka ngati kunyoza khungu. Bungwe la mpira la ku England linavomereza kuti iye sanali ndi cholinga cha tsankho, komabe linamuletsa masewero 3 ndi kumulipiritsa mapaundi 100,000. Sterling ndi Cavani onse analangidwa chifukwa cha mawu, koma kuwaika m'thumba limodzi ndi kusaweruza bwino.

Wamalamulo

A Angozo, pa mlandu wa Sterling onjezeranipo mfundo yakuti mawuwo ananenedwa m'nyumba, osati pagulu, ndipo anthu ena amene ananyansidwa nawo anadandaulabe ndi mmene anajambulidwira. Ine ndikuona kuti NBA inalibe njira ina, chifukwa mawu atatuluka sakanabwezedwanso m'kamwa, koma ndi chinthu choyenera kuchikumbukira tikamafuna kupanga lamulo kuchokera pa mlandu umodzi.

Mtolankhani Wakale

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikufuna kukoka nkhaniyi kumbali ziwiri zimene zikuoneka zotsutsana, chifukwa zonse ndinaziphunzira pa ntchito yomweyi.

Mbali yoyamba ndi yakuti mawu amapha, ndipo aliyense wonena kuti mawu ndi mphepo chabe sanaphunzire za Rwanda. Wailesi ya RTLM inayamba kuulutsa mu 1993, ndipo inkakopa achinyamata ndi nyimbo ndi nthabwala, kwinaku ikutchula Atutsi kuti mphemvu tsiku ndi tsiku, mpaka mu 1994 inafika poulutsa mayina a anthu ndi malo amene abisala. Mu December 2003 khoti la United Nations ku Arusha linapeza olakwa Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza, akuluakulu a wailesiyo, pamodzi ndi Hassan Ngeze, mkonzi wa nyuzipepala ya Kangura. Chimene chimandiopsa pa nkhaniyi n'chakuti sizinayambe ndi kulamula anthu kupha. Zinayamba ndi kuzoloweretsa makutu kuti anthu ena angathe kutchulidwa ngati tizilombo popanda wina kudzudzula. N'chifukwa chake munthu amene ali ndi chimkuzamawu sindimuyeza ndi muyezo wofanana ndi munthu wongolankhula pa njira.

Mbali yachiwiri ndi imene anthu okonda chilango safuna kuimva. Chida chomwechi chogwetsera munthu chifukwa cha mawu ake chagwiritsidwapo ntchito nthawi zambiri pa anthu amene lero timawatama. Mu 1967 Muhammad Ali anakana kulowa usilikali pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo anamulanda lamba wake ndi chilolezo chomenyera nkhonya. Anakhala zaka zoposa 3 osalowa m'bwalo, pa msinkhu umene thupi lake linali pachimake, ndipo khoti lalikulu linadzafafaniza mlandu wake mu 1971. Mu March 2003 woimba wa ku America Natalie Maines ananena pa siteji ku London kuti gulu lawo likuchita manyazi kuti pulezidenti wa dziko lawo ndi wochokera ku Texas, nkhondo ya ku Iraq itatsala masiku ochepa kuyamba, ndipo mawailesi ambiri a ku America anasiya kuika nyimbo zawo. Colin Kaepernick, wosewera mu ligi ya NFL ya ku America, anayamba kugwada pa nyimbo ya fuko mu 2016 potsutsa nkhanza za apolisi kwa anthu akuda, ndipo chitatha chaka cha masewero chimenecho palibe timu ya NFL imene inamulembanso. Amene ankawalanga anthu onsewa ankanenanso chimodzimodzi kuti si boma, ndi zotsatira chabe za mawu awo, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anyozedwa.

Choncho mayi Nachisale, muyezo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wovuta kuumeza: lamulo limene mukufuna kumulanga nalo munthu amene mukudana ndi mawu ake, kodi mungalivomere litagwera munthu amene mawu ake mumawakonda? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mayi Busa

Ndikuthokoza bambo Mtolankhani, ndipo ndikufuna kuyankhulapo monga munthu wa chikhulupiriro, popeza mlandu wa mayi Nachisale ukukhudza chipembedzo. Ife opembedza timafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo sitikonda kuvomereza kuti zimakokana. Timafuna kuti tiloledwe kulalikira zimene timakhulupirira ngakhale zikhumudwitse ena, komanso timafuna kuti ena asaloledwe kunena zimene zikutikhumudwitsa ife. Walira mvula walira matope.

Mlandu wa Israel Folau, katswiri wa rugby wa ku Australia, unagawa Akhristu ambiri. Mu 2019 iye analemba pa Instagram kuti gehena ikudikira zidakwa, achigololo, amuna kapena akazi ogonana okhaokha ndi ena otero ngati salapa, ndipo bungwe la rugby la dzikolo linathetsa kontrakiti yake, popeza linali litamuchenjezapo kale chaka chapitacho pa nkhani yofanana. Iye anati akulangidwa chifukwa cha chikhulupiriro, bungwelo linati iye waphwanya malamulo a ntchito amene anawavomera, ndipo mapeto ake anagwirizana kunja kwa khoti mu December chaka chomwecho. Ine sindikuona kuti mbali imodzi inali yopanda mfundo, koma ndimadzifunsa kuti akanakhala wosewera wa chipembedzo china amene walemba kuti Akhristu onse akupita kumoto, ndi angati mwa amene anamuikira kumbuyo Folau akanaimanso naye.

Pali malire amodzi amene sindilola kuti tikambirane ngati nkhani ya mbali ziwiri. Kukhumudwa sikupatsa munthu chilolezo chokhetsa magazi. Mu 1989 Ayatollah Khomeini wa ku Iran analamula kuti wolemba mabuku Salman Rushdie aphedwe chifukwa cha buku lina limene analemba. Mu 1991 Hitoshi Igarashi, amene anamasulira buku lakelo m'Chijapani, anaphedwa ndi mpeni. Ndipo mu August 2022, patapita zaka 33, Rushdie anabayidwa pa siteji m'chigawo cha New York n'kutaya diso limodzi. Munthu ali ndi ufulu wonyansidwa ndi buku, kulidzudzula, kukana kuligula ndi kuuza anzake kuti asaligule. Koma tikangolola kuti kukula kwa mkwiyo ndiko kuziyeza kukula kwa chilango, ndiye kuti amene ali wokonzeka kuchita chiwawa ndi amene azilamulira zimene tonse tingalankhule.

Wophunzira Pakoleji

Pepani akuluakulu, ndilowererepo pang'ono. Kodi nkhani yonseyi siinayankhidwe kale ndi katswiri wa filosofi Karl Popper? Iye ananena kuti anthu akalolera chilichonse, ngakhale anthu osalolera anzawo, mapeto ake osalolerawo amawononga kulolerana komweko. Ine ndikumva kuti tanthauzo lake n'lakuti munthu wonyoza chipembedzo kapena mtundu wa anzake wadzichotsa yekha pa mndandanda wa oyenera kuloleredwa, ndipo sitiyenera kudziimba mlandu tikamuchotsa ntchito kapena kumutsekera masamba ake.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga, mwachita bwino kumutchula Popper, koma mfundo yakeyo imayenda pa intaneti itadulidwa miyendo. Iye anaitulutsa m'buku mu 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha, ndipo anaiika m'mawu a m'munsi, osati m'thupi la buku. Pamalo omwewo iye ananena momveka kuti sakutanthauza kuti nthawi zonse tizitsekereza maganizo osalolera, ndipo anati malinga ngati tingathe kuwagonjetsa ndi mfundo ndi kuwaletsa kukula kudzera m'maganizo a anthu ambiri, kuwapondereza kungakhale kupanda nzeru. Amene iye ankati tili ndi ufulu wowaletsa, ngakhale ndi mphamvu, ndi aja okana kukambirana, oletsa otsatira awo kumvera mfundo, ndi oyankha mtsutso ndi zibakera kapena mfuti. Iye anali ataona ndi maso ake mmene chipani cha Nazi chinakulira, pakuti anali wa ku Vienna.

Bambo wa m'nkhani ya mayi Nachisale anabwera ku komiti, anakhala pansi, anavomera kuti analemba, ndipo anachita manyazi moti sanathe kuyang'ana pepala. Ameneyo si munthu amene Popper ankamuopa. Tikayamba kutcha aliyense wolankhula mopusa kuti ndi mdani wa kulolerana, mawu akuti kulolerana atsala opanda ntchito, chifukwa munthu salolera chimene akugwirizana nacho. Amalolera chimene chikumuwawa.

Angozo

Ndikuvomereza, bambo, koma tisaiwale kuti alipo ena amene sachita manyazi. James Watson, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1962 chifukwa cha ntchito yake pa DNA, ananena mu 2007 mawu osonyeza kuti anthu a ku Africa ali ndi nzeru zochepa, ndipo anachoka pa udindo wake ku Cold Spring Harbor Laboratory atapepesa. Mu 2019 anaonekera pa kanema akunena kuti maganizo ake sanasinthe, ndipo pamenepo bungwelo linamuvula maudindo aulemu amene anali atamusiyira. Anapatsidwa zaka zoposa 10 zoti aganizirenso. Kodi pamenepo tinganene kuti anthu anachita naye mopupuluma?

Wamalamulo

Ayi, a Angozo, pamenepo sanapupulume, ndipo chitsanzo chanucho chikutifikitsa pamene ndimafuna kufika. Chimene chikusowa pa milandu yambiri ya pa intaneti si chilango, koma muyezo. Mu 2012 akatswiri osonkhanitsidwa ndi ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu anagwirizana ku Rabat, m'dziko la Morocco, mfundo 6 zoyezera ngati mawu afika pokhala mlandu womemeza chidani. Anati tiziona mmene zinthu zinalili m'dziko pa nthawi imene mawuwo ananenedwa, udindo ndi mphamvu za wolankhulayo, cholinga chake, zimene ananena ndi kanenedwe kake, kutalika kwa kumene mawuwo anafika, ndiponso ngati panali kuthekera kwenikweni kwakuti anthu avulazidwe. Mfundozi anazikonzera makhoti, koma sindikuona chifukwa chimene komiti ya bungwe ingalepherere kubwereka nzeru yake, bola ikumbukire kuti iyo ikuyeza kuyenera kwa munthu pa udindo, osati kumutumiza kundende.

Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linasonyeza mu 2021 kuti n'zotheka kugwira mbali zonse ziwiri pa chigamulo chimodzi. Mtolankhani Jon Qwelane analemba nkhani mu 2008 yonyoza amuna kapena akazi okondana okhaokha, ndipo khotilo linapeza kuti nkhaniyo inalidi mawu a chidani. Koma pa chigamulo chomwecho linafafaniza mbali ya lamulo imene inkaletsa mawu chifukwa chongopweteka mtima, ponena kuti muyezo wotero ndi wosamveka bwino ndipo ukuchepetsa ufulu wolankhula mopitirira. Qwelane anali atamwalira kale mu December 2020, chigamulo chisanaperekedwe, zimene zikusonyezanso kuti makhoti amayenda pang'onopang'ono pamene intaneti imaweruza dzuwa lisanalowe.

Ndiwonjezere chenjezo limodzi kwa amene amafuna malamulo okhwima oletsa kunyoza. Malamulo otero akakhazikitsidwa, oyamba kuwagwiritsa ntchito nthawi zambiri amakhala olamulira, osati onyozeka. Ku Uganda, Stella Nyanzi anagamulidwa mu 2019 kukhala m'ndende miyezi 18 chifukwa cha ndakatulo yotukwana Pulezidenti Museveni imene anailemba pa Facebook, ndipo khoti la apilo yake linamumasula mu February 2020. Ku Burkina Faso mtolankhani Lohé Issa Konaté anatsekeredwa chifukwa cholemba zoipitsa mbiri ya woimira boma pa milandu, mpaka khoti la Africa loona za ufulu wa anthu linagamula mu 2014 kuti kumutsekera kunaphwanya ufulu wake.

Nachisale

Ndawerenga zonse kawiri, ndipo ndayesa kumuika bambo uja pa muyezo wa a Wamalamulo. Udindo wake unali waukulu, chifukwa anthu akamva dzina lake amamva dzina la bungwe, ndipo pakati pa anthu amene timawatumikira alipo ambiri a chipembedzo chimene iye anachinyoza. Pa chifukwa chimenecho sindikudandaulanso kuti tinamuchotsa pa uneneri. Munthu sangakhale pakamwa pa anthu amene wawatukwana. Koma sanamemeze aliyense kuchita chiwawa, aka kanali koyamba, ndipo anafufuta yekha wina asanamuuze. Pa zifukwa zimenezo sindikuona chimene tingapindule pomulanda ntchito yonse, kupatula kukhazika mtima pansi anthu amene mawa adzakhala atakwiyira wina.

Chimene chikundivutabe ndi kupepesa kwake. Kalata yoyamba imene anabweretsa inali ndi mawu akuti akupepesa ngati alipo amene anakhumudwa, ndipo mayi wina wa m'komiti, amene ndi wa chipembedzo chonyozedwacho, anaiwerenga, anavula magalasi ake n'kumufunsa modekha kuti, "Bambo, mukuti ngati alipo, ine simukundiona?" M'chipindamo munakhala chete kwa nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti pa mlandu wonsewo, mphindi imeneyo ndi imene inamulanga kwenikweni.

Mtolankhani Wakale

Kupepesa kwa mtundu umenewo kwagwetsa anthu ambiri kuposa mawu oyambawo. Yoshiro Mori, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya Japan ndipo ankatsogolera komiti yokonza masewero a Olympics ku Tokyo, ananena mu February 2021 kuti misonkhano yokhala ndi amayi ambiri imatalika chifukwa amayi amalankhula kwambiri. Tsiku lotsatira anapepesa pamaso pa atolankhani, koma anayankha mafunso mokwiya n'kunena kuti satula pansi udindo, ndipo patangotha sabata ndi masiku ochepa anatula, m'malo mwake n'kulowa mayi, Seiko Hashimoto.

Komanso ndikupempheni kuti aja akuimbira foni mkazi wake muwadzudzule poyera, monga komiti, ndi mphamvu yomweyo imene munadzudzulira mwamunayo. Mu December 2013 mayi wina wa ku America, amene anali ndi omutsatira pafupifupi 170 okha pa Twitter, analemba nthabwala yonyansa yokhudza Africa ndi Edzi asanakwere ndege ku London kupita ku Cape Town. Pa maola 11 amene anali m'mwamba foni ili yozimitsa, anthu ambirimbiri padziko lonse ankadikira mosangalala kuti atere, wina anapita mpaka pabwalo la ndege kukamujambula, ndipo ntchito inamuthera. Nthabwalayo inali yoipa, ndipo sindikuichepetsa. Koma chisangalalo cha odikirawo sichinali chilungamo, ndipo mayiyo sanali munthu wotchuka mpaka tsiku limene khamu linamusankha.

Mayi Busa

Mayi Nachisale, kodi komiti yanu inamuuza bamboyo chimene ayenera kuchita kuti tsiku lina adzakhulupiriridwenso? Ndikufunsa chifukwa zigamulo zambiri zimene ndaziona zimanena za khomo lotulukira lokha. Sindikunena kuti abwezeredwe pa uneneri mwezi wamawa, mwinanso sadzabwererapo n'komwe, koma munthu akauzidwa kuti palibe chimene angachite, amasiya kulapa n'kupita kukafuna anthu amene angamuombere m'manja chifukwa cha mawu omwewo, ndipo anthu otero sasowa.

Nachisale

Sitinamuuze, mayi Busa, ndipo ndikuvomereza kuti sitinaganizeko n'komwe. Komiti ikumananso Lachisanu, ndipo ndalemba zinthu ziwiri zoti ndikapemphe: kuti titulutse kalata yoletsa anthu kuvutitsa banja lake, ndiponso kuti tilembe momveka nthawi imene tidzaunikenso nkhani yake ndi zimene tidzayang'ane. Dzulo madzulo iye anabweretsa kalata yachiwiri, ndipo mawu aja akuti ngati alipo amene anakhumudwa wawachotsa. Watchula chimene analemba, wanena kuti chinali cholakwa, ndipo wapempha kuti akaonane ndi atsogoleri a chipembedzocho maso ndi maso popanda atolankhani. Mayi wa magalasi uja wavomera kukapereka pempholo, koma wanena kuti sakulonjeza kuti akamulandira, ndipo wakana kumuperekeza.